Ukatswiri wa Pakamwa pa Chilumba cha Boracay

Chilumba cha Boracay, chimene chili m'chigawo cha Aklan m'dziko la Philippines, chimatchuka ndi gombe la mchenga woyera lotalika pafupifupi makilomita 4, koma wofuna kuphunzira makhalidwe a anthu a m'tauni angapindule kwambiri atafulatira nyanjayo n'kusuzumira m'malo odyera amene andanda kuseri kwa mitengo ya kokonati. M'menemo ndi mmene anthu a ku Manila, amene chaka chonse amadyera pa desiki mothamanga, amasandukira akatswiri a zakudya za m'zigawo zonse za dziko lawo la zilumba zoposa 7,000. Ukatswiriwu umawagwera akangotsika boti lochokera ku doko la Caticlan, ndipo umawachoka tsiku lobwerera kuntchito. M'chaka cha 2018 boma la Pulezidenti Rodrigo Duterte linatseka chilumbachi kwa miyezi 6 chifukwa cha zonyansa zimene zinkathiridwa m'nyanja, ndipo chitatsegulidwanso kudyera ndi kumwera pamchenga penipenipo kunaletsedwa. Lamuloli linathandiza nyanja, koma linaunjika akatswiri onsewo pansi pa denga, pamene aliyense ayenera kumva nzeru za mnzake wa pa tebulo lina ngakhale asanazipemphe.

Pa tebulo la banja ulamuliro umakhala m'manja mwa tita, amene ndi azakhali kapena mayi aliyense wamkulu woyenera ulemu wotero, ndipo ndi iwo amene amakodola woperekera zakudya pomutchula kuti kuya, kutanthauza achimwene, ngakhale mnyamatayo ali wamsinkhu wa mdzukulu wawo. Mbale yoyamba ikafika, mkangano umayamba. Nthawi zambiri imakhala inasal, nkhuku yowotcha pamakala ya mumzinda wa Bacolod, imene imayamba yaviikidwa mu viniga, jinja ndi madzi a calamansi, kachipatso kowawasa konga kandimu, kenako n'kupakidwa mafuta ofiirira pamene ikupsa. Sipalephera kupezeka bambo amene anagonako ku Bacolod usiku umodzi pa msonkhano wa kuntchito, ndipo iyeyo amaluma kamodzi, kutsinzina, kupukusa mutu mwachisoni, n'kulengeza kuti imeneyi si inasal yeniyeni. Chigamulo chimenechi sichimuletsa kumaliza ntchafu yonse n'kuitanitsanso mpunga kawiri.

Mkangano umafika pachimake ikabwera sisig ya ku Pampanga, imene ndi masaya ndi makutu a nkhumba owiritsidwa, kuwotchedwa, kuduladula tizidutswa, n'kubweretsedwa pa mbale yachitsulo ikadali kuthetheka. Malo ambiri odyera amathiramo mayonezi ndi kuswerapo dzira pamwamba, zimene anthu ambiri a ku Pampanga amaziona ngati chipongwe, choncho pa tebulo pakakhala mmodzi amene agogo ake anabadwira kumeneko, ena onse amadya mwamantha monga anthu amene ali pabwalo la milandu. Lechon, nkhumba yathunthu yowotchedwa pa mtengo wozunguzidwa pamoto, imabweretsa nkhondo inanso, pakuti a ku Cebu amanyadira kuti yawo, yoikidwa zokometsera m'mimba, sifuna msuzi uliwonse, pamene a ku Manila anazolowera kuisunsa mu msuzi wa chiwindi. Wa ku Manila amavomereza poyera kuti a ku Cebu akunena zoona, koma dzanja lake limakhala likufufuza kabotolo ka msuziwo pansi pa chipewa.

Chodabwitsa n'chakuti pa maphunziro onsewa zakudya za ku Aklan komweko sizitchulidwa kawirikawiri. Kuli binakol, nkhuku yophikidwa m'madzi a kokonati, kale ankaiphikira m'nsungwi, ndiponso inubaran, nkhuku yophikidwa pamodzi ndi mtima wofewa wa thunthu la nthochi. Munthu yekhayo m'chipindamo amene angafotokoze bwino zimenezi ndi woperekera zakudya uja, koma iye amafunsidwa zinthu ziwiri zokha: nambala yachinsinsi ya intaneti, ndiponso ngati angajambule banja lonse chithunzi, kenako china, popeza pa choyambacho tita anaphethira.

Kujambulaku kuli ndi malamulo ake, ndipo lalikulu n'lakuti foni ndiyo imayamba kulawa. Zimenezi zimaoneka bwino pa boodle fight, kadyedwe kochokera kwa asilikali, pamene mpunga, nsomba, nkhanu, nyama ndi mango zimayalidwa pa masamba a nthochi tebulo lonse, n'kumadyedwa ndi manja popanda mbale. Asilikali ankadya chotero mofulumira ndiponso mosasankha udindo, koma alendo a pagombe amaimirira mozungulira, manja ali m'mwamba, pamene mtsikana wamng'ono pa onse wakwera pampando kufunafuna kuwala koyenera, mpaka nkhanu zitazizira ndipo ntchentche zitayamba kale phwando. Pambuyo pake munthu amene kunyumba kwake amakalipira ana akasiya supuni ndi foloko amakamba mogwira mtima za kukoma kwa kudya ndi manja monga makolo, kwinaku akulipira ndalama zambiri kuti amuchotsere mbale.

Komabe palibe mwambo umene uli wozama kuposa wa nthuli yomaliza. Anthu a ku Philippines ali ndi chimene amachitcha hiya, manyazi aulemu oletsa munthu kuoneka wadyera, ndipo chifukwa cha manyazi amenewa kachidutswa komaliza ka lechon kamatsala pakati pa tebulo, khungu lake likunyezimira, anthu asanu ndi atatu akukayang'ana cham'mbali uku akulumbira kuti akhuta. Wina amakakankhira kwa mnzake, mnzakeyo amakabweza ndi mawu othokoza, ndiye mlamu wolimba mtima amakadula pakati n'kutenga theka, poganiza kuti wathetsa vuto, chikhalirecho wangolichepetsa msinkhu. Theka lotsalalo limadulidwanso, ndipo kudulaku kungapitirire mpaka patatsala kanthu kosaoneka bwino ndi maso, kamene nakonso palibe angakatenge. Woperekera zakudya akatambasula dzanja kuti achotse mbaleyo, tita amamugwira pamkono n'kumuuza motsitsa mawu kuti akakulunge, pakuti kuli ana ku hotela, ngakhale aliyense akudziwa kuti ana onse ali pa tebulo pomwepo.

Bilu ikafika amuna onse amadzuka nthawi imodzi n'kuyamba kupisa m'matumba mwaphokoso, aliyense akuletsa mnzake, koma zikwama zimachedwa kutuluka modabwitsa, popeza pa banja lililonse pamakhala balikbayan, wachibale amene wabwera kutchuthi kuchokera kunja, kaya ndi namwino wa ku California kapena wogwira ntchito ku Dubai. Iyeyo amaloledwa kupambana mkanganowo atalimbana nawo mokwanira, ndipo pamene akulemba siginecha, bambo wa ku Bacolod uja amamulonjeza kuti ulendo wina adzamutengera kumene kuli inasal yeniyeni.