Thuza, mboni ya pa Sapitwa yosadya ziphuphu

Anthu akatsika ku Sapitwa amatamanda chilichonse: mitambo imene anaiona ili pansi pawo, minda ya tiyi yobiriwira kumunsi kwa phiri, nyanja ya Chilwa ikunyezimira chapatali, ngakhale mpunga wosapsa umene anadya ku kanyumba ka Chisepo. Koma thuza, lomwe lakwera nawo ndi kutsika nawo osadandaula, amalibisa m'sokosi ndi kulimata pulasitala kuti lisaoneke. Uku n'kusayamika. Pa mboni zonse za ulendo wa pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ya mamita 3,002, thuza lokha ndi limene silinama, ndipo ulemu umene timapereka kwa chithunzi chojambulidwa pa chipilala cha pamwamba paja ndi wake.

Tiyambe ndi chithunzicho, poti ndicho chimalanda ulemu. Masiku a Chiperoni, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, chifunga chimatha kukuta nsonga yonse, ndipo chimene munthu amabwera nacho m'foni ndi nkhope yake yozizidwa, kumbuyo kuli mbee. Chithunzi chotere akhoza kuchijambula kuseri kwa khitchini mayi akusonkha nkhuni zaziwisi. Kukakhalanso kowala, chithunzi sichinena kuti chikwama anasenza ndani, kapena kuti mwini kumwetulirayo anakokedwa dzanja kangati ndi womulondolera njira. Thuza lilibe chinyengo chotere. Silibwerekedwa kwa mnzako, siligulidwa pa Chitakale, ndipo palibe amene angalitumize pa WhatsApp. Kuti libadwe pamafunika phazi lako lenileni likhuzike mkati mwa nsapato yako kwa maola ambiri, ndipo njira ya ku Sapitwa inachita kukonzekera ntchito imeneyi. Kuchokera ku kanyumba ka Chisepo, pafupifupi mamita 2,200, njira yopondedwa imatha msanga. Chotsala ndi matanthwe otsetsereka amene umakwera ndi manja ndi miyendo, madontho a utoto wofiira pa miyala okuuza kolowera, ndi mipata ya pansi pa miyala ikuluikulu imene munthu wa ulemu wake amadutsa chokwawa, chikwama akuchikankha kutsogolo. Pokwera chidendene chimasisitika kumbuyo kwa nsapato. Potsika zala zimakagunda kutsogolo. Choncho thuza limalemba mbiri yonse ya ulendo: la ku chidendene ndi la chitunda, la ku chala chachikulu ndi la potsika. Amene wabwera ndi la ku chidendene lokha timufunse bwino kuti anatsika bwanji.

Wina anena kuti zonsezi n'zabwino, koma thuza limawawa, ndipo chowawa sichitamandidwa. Walira mvula walira matope, komanso mlanduwu waikidwa pa munthu wolakwika. Wopalamula ndi nsapato, thukuta ndi changu cha mwini phazi. Khungu likakokedwa uku ndi uku kwa nthawi yaitali, la pamwamba limalekana ndi la pansi pake, ndipo thupi limadzaza mpatawo ndi madzi kuti nyama yanthete ya pansiyo itetezeke pamene khungu latsopano likumera. Ndiye kuti thuza ndi mlonda amene wafika pa malo a ngozi, ife n'kumumanga poganiza kuti ndiye wakuba. Ndiponso silibwera mwadzidzidzi. Limayamba latumiza uthenga: pamalopo pamatentha, pamafiira, pamanyerenyesa. Munthu womva akhoza kukhala pa mwala, kuvula nsapato, kuumitsa phazi, kusintha sokosi ndi kumatapo kansalu. Koma wokwera phiri amene akuona nsonga ili apo, anzake atamusiya, samva za munthu. Ndi mlangizi uti wina amene amachenjeza mwaulemu chonchi, osamvedwa, n'kubwerabe kudzathandiza?

Chitsutso cholemera ndi ichi: thuza likhoza kupewedwa, choncho si chizindikiro cha khama koma cha umbuli. Otsutsawa amaloza anyamata a ku Likhubula olondolera alendo ndi onyamula katundu, amene amakwera phiri lomwelo atasenza chikwama cha mlendo pamwamba pa chawo, ena atavala nsapato zakutha za pa kaunjika, n'kutsika mapazi ali bwinobwino. Amalozanso mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race, pomwe anthu amathamanga mtunda woposa makilomita 20 kukwera ndi kutsika phirili, umene mlendo amayenda tsiku lathunthu. Amalozanso amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, patapata kuphazi. Zoona zokhazokha, koma umboni umenewu ukuikira kumbuyo thuza. Phazi limene limayenda tsiku ndi tsiku limakhuthala khungu, ndipo thuza limalilambalala. Limapita kwa bwana amene chaka chonse amayenda kuchokera pa khomo kupita pa galimoto, amene wagula jombo zodula Lachisanu n'kuzivala koyamba Loweruka m'mawa. Ndi msonkho wokhawo m'dziko muno umene umadumpha wosauka n'kukagwira wolemera, ndipo palibe kalata yochokera kwa akuluakulu imene ingamukhululukitse munthu. Aphungu athu akanaphunzirapo kanthu, koma tisapite kumeneko.

Pali ena opikisana ndi thuza pa umboniwu. Mawondo amanjenjemera potsika, ntchafu zimauma kwa masiku angapo moti kukhala pansi kumafuna kugwira khoma. Amenewa ndi antchito okhulupirika, koma umboni wawo ndi wa pakamwa. Aliyense akhoza kunena kuti miyendo ikuwawa, ngakhale amene anabwerera pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba atasambira n'kudya mabisiketi. Thuza limaoneka ndi maso. Ndi lozungulira, lotuwa, lonyezimira, lofewa ukalikhudza, ndipo lina limabwera ndi timagazi mkati kuti pasakhale wokayika. Lolemba m'mawa limalankhula lokha: munthu wovala suti akulowa mu ofesi chotsimphina, phazi limodzi mu nsapato, lina mu patapata, safunika kufotokoza kumene anali.

Tivomereze chimodzi, kuti otsutsa asanene kuti tabisa. Thuza likaphulika n'kulowa dothi limatukusira, ndipo kwa munthu wodwala matenda a shuga chilonda cha kuphazi si nkhani yoseka; ameneyo apite kuchipatala msanga. Koma ngakhale pano, kawirikawiri wolakwa ndi munthu wosaugwira mtima amene amalibaya ndi minga kapena singano yadzimbiri n'kusenda khungu lonse. Likasiyidwa ndi denga lake, lotsukidwa ndi lophimbidwa, limauma lokha m'masiku owerengeka, osapempha malipiro, n'kusiya khungu latsopano.

Tsopano popeza mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, alendo achuluka, ndipo odzitama kuti anafika pa Sapitwa achuluka kuposa alendowo. Pafunika njira yowasefera. Pa chipata cha ku Likhubula paikidwe benchi, beseni la madzi ndi mkulu mmodzi wa maso akuthwa. Aliyense wotsika avule nsapato. Wa mapazi okhuthala apatsidwe moni wa ulemu, poti phiri ndi lake kale. Wa matuza awiri, la chidendene ndi la chala, alembedwe m'buku. Wa mapazi osalala, onunkhira mafuta, koma foni yodzaza zithunzi, akhale kaye pambali, aitanidwe amene anamulondolera adzafotokoze bwino kuti anakafika pati.