Chitseko cha Khola

(M'mawa ku Chamboli, mumzinda wa Kitwe. Nkhuku zikulira, minibasi ikuimba huta patali.)

ANABANDA: Odi kuno! APhiri! Musanamizire tulo, mapazi anu ndikuwaona pansi pa mpandawu.

APHIRI: Aneba, tsitsani mawu. Akundilasa mpaka m'chiuno.

ANABANDA: Chimene mwagonerapocho n'chiyani?

APHIRI: Mankhwala.

ANABANDA: Mankhwala okhala ndi loko? Chitseko cha khola langa chimenecho! Nkhuku zagona pamtetete usiku wonse!

APHIRI: Ndangobwereka. Mnzanga wa ku Wusakile akuti wodwala msana azigona pathabwa mwezi wathunthu osadzuka. Ndiponso nkhuku zanuzo zamaliza lepu wanga, ndiye palibe wangongole.

ANABANDA: Mwezi! Mukadzuka pamenepo tidzangokunyamulani ndi chitseko chomwecho, manda a Chamboli si patali. Msanawo mwautani?

APHIRI: Ine amene mukundiona ndalowa pansi pa mgodi wa SOB kuyambira nthawi ya kampani ya ZCCM, a Mopani pobwera mu 2000 anandipeza momwemo, msana osadandaula. Dzana ndinangowerama kutola thumba la simenti, phwa! Moto kuchokera m'chiuno, kutsika ndi thako, kuseri kwa ntchafu, mpaka chala chachikulu. Ndikayetsemula ndimaona makolo anga a ku Katete. Alipo wanditchera, ndipo sakhala kutali.

ANABANDA: Mukuti ine? Ndikanakhala mfiti ndikanayambira pakamwa panupo. Imeneyo ndi disiki.

APHIRI: Ya nyimbo?

ANABANDA: Ya msana! Pakati pa mafupa a msana pali timitsamiro 23, kunja kolimba, mkati mofewa. Mukawerama ndi katundu n'kupotoka, kamodzi kamang'ambika, zamkati n'kutuluka ngati matimati ofinyidwa, n'kukanikiza mtsempha wopita kumwendo. Nthawi zambiri ndi timitsamiro tiwiri ta pansi penipeni, ta m'chiunomo. N'chifukwa chake mwendo ukulira pomwe wolakwa ndi msana.

APHIRI: Ha! Wogulitsa matimati ku Chisokone wasanduka dokotala liti?

ANABANDA: Mabokosi a matimatiwo ndiwo anandipititsa kwa afiziyo ku Kitwe Teaching Hospital. Ndinkakwawa ine. Lero ndani amakuthamangitsirani mbuzi?

APHIRI: Ndiye anakung'ambani? Ine mpeni ayi. Bola anditeme mphini.

ANABANDA: Mphini pakhungu, vuto lili mkati? Sanandikhudze ndi mpeni. Ambiri amapeza bwino pakadutsa milungu 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, chifukwa chotulukacho thupi limachiphwetsa lokha pang'onopang'ono. Koma osati mutagona chonchi. Kugona ndi tsiku limodzi kapena awiri basi. Kupitirira apo minofu imafooka, msana n'kuuma gwa.

APHIRI: Ndiye munthu wodwala azivina?

ANABANDA: Aziyenda. Mphindi 10 m'mawa, 10 madzulo, n'kumawonjezera. Pakutha mwezi mudzafika ku Nkana Stadium wapansi, kukadwalako mtima poona Power Dynamos ikukukwapulani.

APHIRI: Msana wanga utukwaneni, koma timu yanga ya Kalampa isiyeni!

ANABANDA: Ndipo mpando uja mumakhalira tsiku lonse pa nsolo, uchepe. Kukhala nthawi yaitali kumapanikiza disiki. Theka la ola likakwana, nyamukani. Pogona gonani chammbali, mtsamiro pakati pa mawondo. Amayi azikuthowani ndi nsalu ya madzi ofunda, osati owira. Afiziyo ali ndi timasewera tawo: ine ankandigoneka chafufumimba n'kumadzuka ndi zigongono. Ululu ukamachoka kumwendo kubwerera kumsana, ndiye kuti zikuyenda. Ukamatsikira kuphazi, lekani.

APHIRI: Zonsezo zochedwa. Ine ndameza Brufen anayi m'mawa uno.

ANABANDA: Mwadya?

APHIRI: Ndidye bwanji chogona?

ANABANDA: Mayo ine! Ameneyo samwera m'mimba mopanda kanthu, amakumba zilonda, ndipo amavutitsa impso. Inunso ndi BP yanuyo! Kafunseni kukiliniki mlingo wake. Ndipo fodyayo muleke, amaumitsa timitsamiroto.

APHIRI: Ndidziwa chochita. Ndikajambulitsa X-ray, ndione ndi maso anga.

ANABANDA: Mukaona mafupa okha. Disiki imaoneka pa MRI, ndipo sathamangira kujambula aliyense amene wangoyamba kumva msana. Tsono ndiyankheni bwino. (Akukweza mawu.) Mkodzo ukutuluka bwinobwino?

APHIRI: Aneba! Msewu wonse ukumva!

ANABANDA: Umve! Simukudziwonongera osazindikira? Pokhalira apo, pakati pa miyendo, sipanachite dzanzi? Phazi silikukhwekhwereza pansi?

APHIRI: (Monong'ona.) Zonse zili m'malo mwake. Funsani amayi.

ANABANDA: Chabwino. Chifukwa chimodzi mwa zimenezo chikangochitika, palibe zothowa, ndi galimoto kupita kuchipatala tsiku lomwelo, apo ayi munthu amalumala. Ndiponso inu a mumgodi, msana ukabwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, amayeza TB, imalowanso m'mafupa a msana.

APHIRI: Kuwonda kokha ayi.

ANABANDA: Ndikuona. Mimbayo nayonso msana ndiwo ukuisenza. Dzukani. Ayi, osati chomwecho! Tembenukirani chammbali, miyendo itsogole, dzikankheni ndi mkono.

(Kubuula. Thabwa likulira.)

APHIRI: Mayo! Mayo mayo... Eh. Ndaima.

ANABANDA: Mwafa?

APHIRI: Sindinafe, koma musayembekeze zikomo.

ANABANDA: Tiyeni kukiliniki, ndikuperekezani. Tsiku lina mukadzafuna kunyamula kanthu, muzinyonyomala, katundu pafupi ndi mimba, miyendo ndiyo igwire ntchito. Koma milungu ino musanyamule cholemera chilichonse.

APHIRI: Chilichonse?

ANABANDA: Chilichonse. Tsono pobwera tidzere pamsika, ndili ndi thumba la ufa la makilogalamu 25 loti mundithandi...

APHIRI: Pepani aneba. Dokotala wandiletsa.

ANABANDA: Dokotala uti?

APHIRI: Wa ku Chisokone. Mayi wina wolongolola kwambiri, koma zamsana amazidziwa.

ANABANDA: APhiri! Imani pomwepo! Wodwala amathamanga chonchi?

APHIRI: (Patali.) Mphindi 10 zanga zayamba!