Ntchito ya Pamkeka

WOLENGEZA: Chinyengo cha ntchito zogwirira pakhomo ndi umbava umene wakuba amalonjeza malipiro kwa munthu wosachoka panyumba, koma n'kuyamba wamulipiritsa iyeyo asanalandire kanthu kooneka. Sewero la lero likuonetsa anansi awiri a ku Ndirande, aPhiri ndi aNabanda, amene chikanganirane pa za malire analumbira kuti sadzalankhulananso maso ndi maso, kotero kuti aliyense amapereka mawu ake kwa mpanda umene uli pakati pawo, ndipo amadzitchula ngati munthu wapadera.

(Tambala akulira, tsache likusesa mwaukali.)

ANABANDA: Mpanda uwu udziwe kuti mayi wa nyumba ino wataya K150,000 ya ku banki m'khonde, ndipo gwero la tsokali ndi malonda a pa intaneti a aPhiri, amene m'malo motsatsa mbewu ndi feteleza analengeza ntchito yolandira ndalama munthu ali chikhalire pamkeka.

APHIRI: Mpanda womwewo uuzidwe kuti mwini malondawo sanalembepo chilengezo chotere, pakuti munthu wosenza matumba a feteleza kuyambira m'mbandakucha sangaphunzitse mtundu wa anthu kulemera chogona.

ANABANDA: Chilengezocho chinali pansi penipeni pa chithunzi cha aPhiri atavala jekete, ndipo chinapereka nambala ya WhatsApp imene inatsogolera mayiyu ku gulu la pa Telegram, kumene ntchito yake inali kudina chizindikiro chokonda makanema a pa YouTube ndi kutumiza umboni. Tsiku loyamba K3,000 inalowadi pafoni, koma pambuyo pake anati ntchito zonona zimafuna chikole, kenaka ndalama yotsegulira akaunti, kenakanso msonkho wotapira phindu limene linkangotupa pagalasi la foni osatuluka.

APHIRI: K3,000 imeneyo ophunzira amaitcha nyambo, chifukwa msodzi sadandaula ndi nyongolotsi pamene akuyembekeza chambo. Njira yolipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo inatchuka ndi Charles Ponzi ku Boston mu 1920, ndipo yofuna ndalama patsogolo pa lonjezo imadziwika ndi nambala 419, yochokera ku gawo la malamulo a milandu a dziko la Nigeria. Mfundo yake ndi imodzi: wolemba ntchito weniweni amalipira wantchito, ndipo akayamba kupempha chikole ndiye kuti malonda ake ndi wantchitoyo.

ANABANDA: Popeza aPhiri asanduka mphunzitsi wa mbiri yakale, mpanda uwafunse za WordPress, pulogalamu imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaitulutsa mu 2003, yomwe iwo amayendetsera malonda awo pa seva yochita lendi, ndiye kuti kompyuta yosazima imene imasunga zolembedwazo kuti anthu azizipeza usana ndi usiku. Mdzukulu wa nyumba ino, amene akuphunzira za makompyuta, wafotokoza kuti wosankha kudzisungira yekha pulogalamu yotere wasankhanso kukhala mlonda wake, ndipo mlonda wa kuseri kwa mpandawu anagona tsiku limene mphwake amene anamuikira zonsezi anakwera basi ya ku Johannesburg.

APHIRI: Mlondayo ali maso, ndipo akudziwa bwino kuti kuyambira 2013 WordPress imadzikonza yokha.

ANABANDA: Chimene chinayamba chaka chimenecho ndi kudzikonza pa zinthu zing'onozing'ono za pulogalamu yaikulu, pamene mapulagini, timapulogalamu towonjezera monga kolandirira maoda ndi koonetsera zithunzi, analandira batani lodzikonzera mu 2020, batani limene mwini wake ayenera kulidina ndi chala chake. Mipata yambiri yolowera akuba imapezeka m'mapulagini omwewo, ndipo olemba ake akatulutsa chigamba, mpatawo umadziwika kwa aliyense, kotero kuti makompyuta a akuba amayendera masamba zikwizikwi kufunafuna amene sanamate chigambacho.

APHIRI: Kadontho kofiira kokhala ndi nambala kankaonekadi pakona, ndipo nambalayo inkakwera mwezi ndi mwezi, zimene wamalonda aliyense woganiza bwino akanazitenga ngati chiwerengero cha makasitomala.

(Tsache likugwa, nkhuku zikuthawa.)

ANABANDA: Chinali chiwerengero cha zigamba zodikira! Ndipo za mawu achinsinsi mpanda usafunse n'komwe, chifukwa dzina la mfunda lotsatidwa ndi 1234 ngakhale mwana wa sitandade wani amaliloza asanamalize phala.

APHIRI: Mawu achinsinsiwo asinthidwa lero lomwe kuti akhale aatali, mapulagini osagwira ntchito achotsedwa, otsalawo akonzedwa, ndipo kope la zonse lizisungidwa padera kuti zikaonongeka zibwezeretsedwe. Koma mpanda uchitire umboni kuti pulagini siinalowe m'chikwama cha aNabanda, ndiponso siinayende nawo kupita kwa ejenti wa ndalama za pafoni.

ANABANDA: Nkhawa ya ndalamazo ichepe, chifukwa dzulo lomweli kwapezeka loya wachifundo pa Telegram amene walonjeza kubweza zonse, bola alandire kaye K20,000 ya mapepala, imene mnansi wa chikumbumtima akanaibwereketsa mosanyinyirika.

APHIRI: Loya ameneyo ndi mbava yomwe ija itasintha chipewa, pakuti akuba amasunga maina a anthu amene anawabera, nabwereranso kwa iwo ngati opulumutsa. Njira yoongoka ndi kusunga mauthenga onse pamodzi ndi manambala amene ndalama zinapitako, kudziwitsa kampani ya foni mwamsanga, ndi kukadandaula kupolisi, popeza Malawi ali ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, limene limaletsanso kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo.

ANABANDA: Ngati zili choncho odandaula ndi awiri, ndipo wopusa woyamba, amene anasiya mpata, ndiye ayenera kulipirira ulendo wa wopusa wachiwiri.

APHIRI: Mpanda ulembe kuti mwini nyumba ino apereka ndalama ya kabaza yopitira kupolisi, koma yobwerera ayi.