Kusanjika chipinda pa galaja: malangizo kwa ofuna kudzalira

Mapoloti m'tauni akwera mtengo, ana nawo akukula, choncho munthu akayang'ana denga la galaja yake amaonapo chipinda chogona, bafa ndi kakhonde kopitidwirapo mphepo. Ngati maganizo amenewa akufikirani, nayi njira yotayira ndalama, galaja ndi chibale cha aneba pa ntchito imodzi.

Musakumbe pansi kuti muone maziko. Odziwa ntchito amati mukumbe dzenje m'mbali mwa khoma, muyeze konkire yomwe ili pansipo, muonenso ngati dothilo ndi lolimba kapena ndi makande aja ofufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Kumeneko n'kutaya nthawi. Galaja yaima zaka zonsezi osagwa, umboni wina mukufuna wotani? Zoti nthawi yonseyo imangosenza malata ndi timatabwa, musazilabadire. Mmisiri amenye khoma ndi chikhatho kawiri, anene kuti "ichi n'chakale bwana, sichingagwe," basi kafukufuku wathera pomwepo.

Masamu musawayandikire, amasowetsa tulo. Konkire ya zitsulo imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita. Ndiye kuti silabu ya mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, yokhuthala masentimita 15, ndi matani oposa 8, musanasanjepo njerwa ngakhale imodzi, denga, thanki ya madzi ndi anthu. Zonsezi zitsamire pa kakhoma kopyapyala kaja, komwe mwina anamangira dothi n'kubisa ndi pulasitala. Kutsogolo kulibe n'khoma lomwe, kuli chitseko chachikulu ndi lintala yomwe anaiumba kuti inyamule mizere ingapo ya njerwa. Ikhulupirireni.

Injiniya musamuitane. Anthu amenewa akafika amayamba za mapilala, mabimu ndi kukumbanso maziko, kenako amafuna malipiro. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze kuti linamutsegula m'mimba. Makontirakitala olembetsedwa mwalamulo nawonso apeweni. Pezani mnyamata amene anamanga mpanda wa alamu anu, ajambule pulani pansi ndi kamtengo, mum'patse ndalama zonse tsiku loyamba kuti agwire ntchito mtima uli m'malo. Musalemberane kanthu, mapepala amaononga chikhulupiriro.

Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti mupeze chilolezo musanamange, ndipo khonsolo ya mzinda ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhalenso kugwetsa chomangidwa mozemba. Inu yambani Loweruka. Kalata ikadzafika mudzadabwe kwambiri.

Denga musasule mu Disembala, mvula itakhazikika. Matumba a simenti muwaunjike pansi penipeni, muwafunditse lona lobooka.

Tsiku lothira silabu ndilo lofunika luso, chifukwa ndi pamene mungapulumutse ndalama zambiri popanda wina kuona. Pomwe pamafunika zitsulo za Y12 ikani zocheperako, muzitalikitsenso kuti zikwanire. Muzigoneke pa matabwa penipeni, osaikira timiyala pansi, kuti zidzaonekere kunsi kwa silabu, dzimbiri lisavutike kuzipeza. Muyeso wodziwika ndi gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga, anayi a miyala, koma thumba la makilogalamu 50 limatha kupirira mawilibala ena owonjezera ngati mwalilimbikitsa. Mchenga ukhale wokokolola mumsewu, wosakanikirana ndi dothi. Anyamata akadandaula kuti konkire yauma, ikuvuta kupalasa, thiranimo madzi mpaka iyende ngati phala la mwana. Mitengo ya bulugamu yochirikiza ikhale yowonda, yotalikirana, yoimika pa zidutswa za njerwa m'matope. Simenti ikathera pakati musade nkhawa: theka lero, theka lina malipiro akalowa. Mzere womwe utsale pakatipo udzakuthandizani kudziwa poika beseni mvula ikamagwa.

Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7 ndipo mphamvu yake amaiwerengera pa masiku 28. Koma madzi ndi a bilu, ndipo matabwawo munachita kubwereka. Chotsani mitengo sabata ikangotha.

Masitepe muwakumbukire kumapeto. Kukwera mamita 3 kumafuna masitepe pafupifupi 17 ndi malo otalika mamita 4 kapena kuposerapo, ndipo malo amenewo mulibe. Wowotcherera zitsulo akupangireni makwerero panja, otsetsereka bwino, agogo akabwera azingomva kuti kumwambako n'kokongola. Za paipi ya chimbudzi muganizenso silabu itauma, pulambala aboole ndi tchizulo, chitsulo chikam'tsekereza adule. Mpata wozungulira paipiyo usatsekedwe: utsi wa galimoto yotenthetsa injini m'mawa uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, wosaoneka, ndiye ogona kumwamba sadzadandaula. Zenera lalikulu liloze kubafa yopanda denga ya aneba. Iwo adziwa okha zochita, inu musawauze kanthu.

Wina akatchula ring'ibimu, mufunseni ngati anaonapo chivomerezi. Akakukumbutsani cha ku Salima cha 1989 ndi zija za ku Karonga za mu Disembala 2009, n'kunena kuti dziko lino lili m'chigwa cha Rift Valley, muyankheni kuti inu simukhala ku Karonga.

Pakapita miyezi ingapo muyamba kuona zizindikiro. Chitseko cha galaja chiyamba kukhula pansi, zenera likana kutseguka, ndipo mng'alu wopendekera uyambira pakona ya chitseko kulowera kumwamba. Uku ndiye amati nyumba ikukhazikika. Chitseko chipaleni, mng'alu muumate simenti, pamwamba penti yowala. Ukatsegukanso mwezi wamawa, matani kachiwiri, ndipo mlandu muupereke kwa mmisiri uja, yemwe foni yake pofika pano ikhala isakupezeka.

Banja lanu lisasamukiremo. Ikanimo alendi, alipiretu miyezi itatu, ndipo galimoto yanu muziimika panja.