Kalata kwa Khadi la Netiweki

Olemekezeka a Khadi la Netiweki,

Ndikukulemberani ndili kuno ku chigwa cha Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi, pakati pa Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Ambiri amene mumawatumikira sanakuonenipo. Mumakhala m'kati mwa kompyuta, ndipo chimene chimaoneka ndi kabowo kolowetsapo chingwe ndi timagetsi tiwiri pambali pake. Komatu malipoti a pachipatala, mayina a ana olemba mayeso a MANEB ndi makalata a achinyamata ofunsira ntchito amatuluka m'chigwa chino kudzera mwa inu. Ndabwera modzichepetsa kudzakuthokozani, ndi kudzakuyankhulirani pa mlandu umene mumapatsidwa magetsi akazima n'kuyakanso.

Kuzima kwa magetsi timakudziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mapolo, kudula misewu ndi kutenga abale athu. Inu munapirira nafe zonsezo. Koma nthawi imene imakuvutani kwenikweni ndi pamene magetsi abwera, zigayo za pa Migowi zayamba kulira, aliyense akuthamangira swichi. Kompyuta imayaka bwinobwino, koma intaneti zii. Pamenepo mawu ake ndi amodzi: "Khadi lapsa."

Nthawi zambiri simunapse, mwangolawirira. Kompyuta imadzuka msanga, pamene rauta, kabokosi kobweretsa intaneti, imafuna mphindi zingapo kuti ikhazikike ndi kupeza netiweki ya Airtel kapena TNM. Inu mukadzuka mumapempha adiresi mwa njira yotchedwa DHCP, ngati mlendo wofika mbandakucha pakhomo pa amfumu kudzapempha malo, n'kumagogoda odi eni ake asanadzuke. Popanda woyankha, kompyuta ya Windows imakupatsani adiresi yongoyembekezera, yoyamba ndi 169.254, imene singakufikitseni pa intaneti. Mumakhala chete, n'kudzagogodanso patapita mphindi zingapo, koma ife timakhala titataya kale mtima. Munthu akangolemba ipconfig n'kuona manambala amenewo, adziwe kuti muli moyo. Alembe ipconfig /release, kenako ipconfig /renew, ndipo rauta ikakhala yadzuka mudzalandira adiresi yeniyeni.

Tsiku lina vuto limakhala lina. Magetsi akaphethira, kuzima ndi kuyaka mwadzidzidzi, mumatha kuuma mutu osadziwa ngati muli maso kapena muli m'tulo. Wina amazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, mobwerezabwereza, osaphula kanthu. Chifukwa chake n'chakuti pulagi ikakhala m'soketi, kamphamvu kochepa kamafikabe kwa inu ngakhale kompyuta yazima, choncho chisokonezo chija sichichoka. Mankhwala ake ndi aulere: kuzula pulagi kukhoma, kudina batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti mphamvu yotsalira ithe, kenako kulumikizanso. Ndaona timagetsi tanu tikuyambanso kuphethira pambuyo pa zimenezi, mwini kompyuta atayamba kale kuwerengera ndalama ya minibasi ya ku Limbe.

Mumayankhula ndithu, ife ndiye sitimvetsera. Kagetsi kamodzi kakayaka mosaphethira, mukunena kuti chingwe chagwira mbali zonse. Kena kakamaphethira, mukunena kuti uthenga ukuyenda. Tonse tikazima, pafunika kugwada, kusuzumira kuseri kwa tebulo ndi kuona ngati kamutu ka chingwe sikanathyoke kambano kake, ngati makoswe sanatafune waya, ngati fumbi la mu Okutobala silinadzaze kabowo. Kusintha chingwe kapena kuchilowetsa pa bowo lina la rauta kumathetsa milandu yambiri. Pa kompyuta ya Linux, lamulo la ip link limaonetsa ngati muli DOWN, ndipo mumadzuka mukauzidwa kuti mukhale UP.

Palinso mlandu umene suli wanu n'komwe. Pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pali kabatire kozungulira, CR2032, kosunga tsiku ndi nthawi. Kakatha mphamvu, magetsi akazima kompyuta imaiwala chaka, ndipo masamba otetezedwa a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa masiku sakugwirizana. Inu mwagwira ntchito yanu yonse, koma chala chimaloza inu.

Sindikubisa kuti nthawi zina mumafadi. Mvula ya kuno imabwera ndi ziphaliwali zochokera kuphiri, ndipo mphamvu ya mphenzi imatha kuyenda m'waya wa magetsi ngakhalenso m'chingwe cha netiweki mpaka kukuotchani. Zikatero timagetsi tanu sitiyakanso ngakhale pa chingwe chatsopano, ndipo kompyuta siyikutchulaninso pa mndandanda wa zida zake. Apo m'pamene pamafunika kugula khadi lina lolowetsa pa USB. Imfa yoteroyo imandipweteka chifukwa kawirikawiri imapeweka ndi dzanja la munthu lozula pulagi mitambo ikada.

Ndagwira mwendo wanu, pitirizani kutitumikira. Kuno kompyuta imodzi imadaliridwa ndi sukulu yonse, ndipo wokonza ali kutali. Ife amene timakusungani tili ndi mbali yathu, ndipo ndikuinena poyera kuti anzanga a ku Chiringa, ku Migowi ndi pa Boma amve. Magetsi akazima, tizule mapulagi. Akabwera, tidikire akhazikike, tiyatse rauta poyamba, tiipatse mphindi zitatu, kenako kompyuta. Pa bajeti ya sukulu kapena ofesi pasasowe chotetezera zida ku mphamvu yodumpha ya magetsi, ndipo kumene ndalama ilipo pakhale UPS yosungira magetsi a rauta ndi kompyuta pamodzi. Dongosolo limeneli lilembedwe papepala, limatidwe kukhoma pafupi ndi soketi, kuti aliyense wotsegula chipinda m'mawa alitsate. Tisanaweruze kuti mwapsa, tiyambe tayang'ana timagetsi tanu.

Ine wanu wokusamalani,
Mphunzitsi wa makompyuta, Phalombe