Nduna ya chitetezo cha chomoliya

Pa ndiwo zonse zamasamba zimene munthu angadzale kuseri kwa nyumba ya lendi, chomoliya ndiye bwenzi la alesi, ndipo n'chifukwa chake mlembi wanuyu anamusankha. Safuna mbewu yogula. Umangopempha mphukira kwa aneba, n'kuzibaya m'dothi, n'kuthirira, basi. Mpiru ndi tchayinizi sachedwa kukalamba n'kuchita maluwa, koma chomoliya amangotalika, iwe n'kumathyola masamba am'munsi mpaka chaka kutha. Mkuluyu, amene katundu wolemera yemwe amamudziwa ndi nyuzipepala ya Loweruka, anaona kuti apa mpamene anthu a ku Area 25 adziwire kuti naye ndi mwana wa mlimi.

Wompatsa mphukira sananene kuti chomoliya ndi m'bale wake wa kabichi ndi repu, ndiponso kuti banja limeneli lili ndi alendo ake osadikira kuitanidwa. Kafungo kaukali kamene kamatuluka ukatikita tsamba lake ndi chida chimene mbewuyi imathamangitsira tizilombo tambiri. Tsoka ilo, pali tizilombo tina timene tinakazolowera kafungoko mpaka timachita kukalondola kuchokera kutali. Amene analembedwa ulonda anasanduka woitanira minibasi.

Zinayamba kufika ndi nsabwe, mvula itangosiya. Nsabwe za kabichi ndi zotuwa, zimaunjikana kunsi kwa tsamba ndi kunsonga kumene kukutuluka masamba anthete, n'kumayamwa madzi mpaka tsamba kupindika ndi kuchita chikasu. Mlembi wanu atawerenga za moyo wa tizilomboti anakhala chete kwa kanthawi. Kumalo otentha ngati kuno, nsabwe yaikazi sisowa yaimuna. Siikira mazira, imangobereka ana amoyo, aakazi okhaokha, ndipo mwanayo amabadwa ana ake atayamba kale kuumbika m'mimba mwake. Pakangodutsa sabata ndi masiku ochepa, nayenso wayamba kubereka. Mkuluyu anawerengera mkazi wake nkhaniyi mokweza, akuyembekeza kuti amuthandiza kudabwa.

"Mwamvatu nokha, bambo a Tadala," anatero mayiwo osasiya kutsuka mbale. "Kwa anzathu zinthu zikuyenda popanda abambo."

Tsiku lomwelo mkuluyu anadzisankha kukhala nduna ya chitetezo cha chomoliya, ndipo palibe anapikisana naye.

Mdani wachiwiri ndi amene anamupatsa ulemu, chifukwa ali ndi mbiri. Ndi kagulugufe kotuwa, kosakwana sentimita imodzi, kamene Azungu amakatcha diamondback moth. Kamauluka dzuwa likalowa n'kuikira timazira pamasamba. Timbozi take n'tobiriwira, timadya tsamba chakunsi n'kusiya kakhungu kapamwamba kowala ngati zenera, kenako kakhunguko kamang'ambika, tsamba n'kutsala mabowo okhaokha. Ukakakhudza kambozi kameneka kamadzipotokola chobwerera m'mbuyo, n'kudzigwetsa, n'kumalendewera pa kaulusi kake, kudikira kuti uchoke. Nyengo yotentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso mazira pamangodutsa masabata awiri kapena atatu. M'chaka cha 1953, pa chilumba cha Java ku Indonesia, kanyamaka kanapezeka kuti sikakufanso ndi DDT. Cha m'ma 1990, ku Hawaii, kanali koyamba kupezeka m'minda kakupirira mankhwala a Bt, opangidwa kuchokera ku bakiteriya. Kanyama kamene kanazunguza mitu ya akatswiri a sayansi ku America ndi kamene mlembi wanu anakalengezera nkhondo, chida chake botolo lakale la madzi loboola ndi msomali pachivindikiro.

Malangizo sanasowe, paja matenda a ndiwo aliyense ndi sing'anga. Agogo a nyumba yachitatu anati phulusa. Mnzake wa pa bawo anati sopo. Wometa tsitsi, amene sanagwirepo khasu chibadwire, anati tsabola wa kambuzi ndi adyo, ndipo ananena molimba mtima kwambiri moti nduna inayamba ndi malangizo akewo.

Inasinja tsabolayo mumtondo wa mayi a kunyumba, uja amasinjiramo nsinjiro, mwini wake ali ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Inaviika, inasefa ndi mpango, n'kutuluka panja itavala nkhope ya msilikali. Unali mwezi wa June, mphepo ya mwera ikuwomba, ndipo nduna inaima moyang'anizana nayo. Nsabwe sizinalandire ngakhale dontho. Aneba anangoona bambo wamkulu akuzungulirazungulira pabwalo, misozi ili chuchuchu, akufufuza ndowa ndi manja, mpaka mayi wina anafunsa pa mpanda ngati uthengawo wachokera kumudzi. Za phala la ana la m'mawa mwake, limene linathiridwa nsinjiro za mumtondo uja, nkhani yake idakali kukhoti la m'nyumba.

Sopo ndiye ali ndi nzeru yeniyeni. Nsabwe za kabichi zili ndi kaphula pathupi kamene kamatsetsereza madzi, ndipo madzi a sopo amadutsa kaphulako n'kuzipha. Koma amapha zokhazo zimene azikhudza. Nsabwe zili kunsi kwa tsamba, ndiye wopoperayo ayenera kuwerama, kutembenuza tsamba lililonse. Nduna, poganizira msana wake ndi udindo wake, inapopera ili chilili. Masamba anayera pamwamba mpaka kunyezimira, eni nyumba ali phee pamthunzi.

Alamu ake atamva, anatumiza thumba la masamba a ombwe kuchokera kumudzi. Chitsamba chimenechi si chamasewera: makolo ankaphera nsomba m'madziwe, ndipo alimi ambiri amasinja masamba ake, kuwaviika usiku wonse, kuthiramo kasopo pang'ono n'kupopera madzulo, chifukwa dzuwa limafooketsa mphamvu yake. Koma m'chaka cha 2012 asayansi amene anayeza ombwe wa kuno ku Malawi analemba kuti ulipo wa mitundu iwiri yofanana m'maso: wina uli ndi poizoni wopha tizilombo, wina alibe. Mbozi zitamwa msuzi wa alamu n'kumangonenepa, nduna inatulutsa chikalata chonena kuti inatumiziridwa mtundu wachiwiriwo. Mayi a Tadala anangofunsa ngati ulendo uno yawerama.

Apa mtima unathamangira ku mankhwala a m'botolo. Pamsika sasowa mnyamata wokhala ndi timabotolo topanda chizindikiro, amene amangoti "uyu ndi saipa, bwana, amapha chilichonse." Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000, limene linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo mankhwala ovomerezeka amakhala ndi pepala lonena muyeso wake ndi masiku oyenera kudikira usanathyole ndiwo. Kabotolo ka mnyamata uja pepala lake ndi pakamwa pa mwini wake. Chomoliya ndi ndiwo yothyola lero, kuthyolanso mkuja, ndiye masiku odikirawo adikira ndani? Komanso mawu akuti "chilichonse" ndi oona mopitirira. Mankhwala otere amaphanso tizikumbu tofiira tamadontho akuda timene timadya nsabwe, ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozi. Akafa amenewa, woyamba kubwerera m'dimba amakhala wakuba uja, atapeza apolisi onse ali kumanda.

"Mukapopera zimenezo mudya nokha, ine ndi ana tikagula bonongwe," anatero mayi, ndipo bajeti ya unduna inathera pomwepo. Ganizo lofunditsa chomoliya neti ya udzudzu linafa lisanamalizidwe n'kunena komwe. Neti ija mayi anailandira kusikelo kuti ateteze mwana ku malungo, ndipo anauza nduna kuti ikaikhudza ikagona kudimba komweko.

Chodabwitsa n'chakuti m'masabata onsewa chomoliya sanafe, ndipo nduna inayamba kuuza anzake a pa bawo kuti njira zake zayamba kugwira. Zoona zake zinaoneka tsiku lina itadzuka m'mamawa mwangozi. Mayi a Tadala anali atanyonyomala pakati pa mizere, chitenje atachikwinyira m'maondo. Amatembenuza tsamba, kuyang'ana, kutikita nsabwe ndi chala chachikulu, kutola kambozi n'kukaponya m'chitini. Tsamba limene lagwidwa kwambiri amalithyola n'kulikwirira. Pamene mphukira yadulidwa m'tsinde usiku amafukula dothi ndi kamtengo mpaka kupeza mbozi yonenepa, yotuwa, itadzipinda, imene imabisala masana. Madzulo, anati, amathirira kuchokera pamwamba, chifukwa madzi ogwa ngati mvula amakokolola timbozi ndi kusokoneza agulugufe pa nthawi yoikira mazira, n'chifukwa chake tizilomboti timachepa m'dzinja. Ntchito ya m'mamawayo imatha madzi a tiyi asanawire. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa zomwezi, kuyendera mbewu kawirikawiri n'kuchotsa mdani asanachuluke, koma mayiwo anati anaziona kwa amayi awo ku Dedza.

Nduna inayesa kupulumutsa ulemu wake ndi mfundo yomaliza: nkhuku za aneba zimadya mbozi, bwanji osazilola kulowa zigwire ntchito yaulere? Zinalowadi. Zinadya mbozi, zinadya masamba amene panali mbozizo, zinadya ndi amene panalibe, tambala n'kufukula mphukira zatsopano pofunafuna zokometsera.

Madzulo a tsiku limenelo kunachitika kusintha kwa nduna, ndipo kunalengezedwa kukhitchini popanda mwayi wofunsa mafunso. Unduna wa chitetezo wabwerera ku ofesi ya mtsogoleri. Mnyamata waganyu wamanga mpanda wa bango, ndipo malipiro ake achotsedwa pa ndalama imene mlembi wanu amaonera mpira Loweruka. Iye wasamutsidwira ku unduna wa zamadzi, kumene ntchito yake ndi kunyamula ndowa kuchoka pampopi kufika pakhomo la mpanda, kuitula pansi, n'kubwerera osakhudza tsamba.