Galu Wamkota Wabereka Chikwama

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ankanena galu amene anaona zambiri, mano anayamba kale kugwedera, ndipo alibenso nthawi yothamangitsa agulugufe. Tsiku lonse amangogona pansi pa nkhokwe, nkhuku n'kumamudumpha, mwana n'kumamukoka mchira, iye osatekeseka. Koma tsiku limene mwamuona wadzuka, wanunkhiza pansi, wayamba kufukula dothi, musafunse zambiri. Thamangirani khasu.

Amene anapeka mwambiwu sankadziwa kuti kudzabwera makalasi a Loweruka. Kaimeni pa Wenela kapena pa depoti ya ku Lilongwe cha m'ma 6 koloko m'mawa, muone amene akulimbirana mpando wakutsogolo m'minibasi. Bambo wadazi, mimba ili patsogolo, kumsana wabereka chikwama chokhala ndi chithunzi cha Spider-Man, umboni woti mwini wake weniweni ali Sitandade 3 ndipo wasiyidwa kunyumba akulira. Mayi amene kumpingo ndi mkulu wa Mvano wapanira kope kukhwapa, ndipo m'chikwama muli magalasi awiri, ena oonera kutali, ena owerengera. Nkhope zawo zili ngati akupita kumaliro, koma ayi ndithu, akukalemba mayeso. Ana asukulu anzawo amawatcha machuwa.

Kuchuluka kwawo kuli ndi chifukwa chake. Kuyambira mu 1965 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dziko lonseli linali ndi yunivesite imodzi yokha ya boma, University of Malawi. Malo anali ochepa moti munthu wokhoza bwino MSCE ankatha kutsala, n'kumangomva mayina a anzake. Mzuzu University inayamba kuphunzitsa mu 1999, ya Livingstonia inabwera mu 2003, ya Katolika ku Nguludi mu 2006, MUST ku Thyolo mu 2014. Bunda inadziimira payokha n'kukhala LUANAR, ndipo mu 2021 Poly inasanduka MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Makomo achuluka tsopano: makalasi a madzulo, a kumapeto kwa sabata, ndi maphunziro a patali aja amene munthu amawerengera kunyumba n'kumakaonekera kusukulu mwa apo ndi apo. Onse amene chitseko chinawatsekekera ali anyamata ndi atsikana akubwerera ali ndi imvi. Chenjezo n'limodzi: yambani mwafunsa ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezedwa ndi bungwe la NCHE. Makoleji ena ali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo kumeneko ngakhale galu wamkota amakandira pachabe.

M'gulu la obereka zikwamali muli alamu anga, amuna a mlongo wanga. Iwowa chitseko sichinawatsekekere. Analowa ndithu ku koleji, anadya nsima yaulere ya kukafeteriya, koma chaka chachiwiri anawawida. Masamu ndiwo anawagwetsa, ngakhale anzawo a nthawi imeneyo amati masamuwo ankagulitsidwa m'mabotolo. Kenako anapeza dipuloma, analowa ntchito m'boma, ndipo akhala pampando umodzimodzi mpaka mpandowo unatengera maonekedwe awo. Chaka ndi chaka muofesi mumabwera kamnyamata ka digiri, kolowera pa Giredi I, ija akale amaitchabe PO. Alamu amakaphunzitsa kulemba vocha, kukasonyeza pokhala mafayilo ndi kogula chipisi chabwino. Pakatha miyezi itatu, kamnyamatako n'kamene kamasayinira fomu yawo ya tchuthi, kwinaku kakuwauza kuti, "Madala, apa mwalakwitsa deti."

Ali ndi zaka 48, anadzuka pansi pa nkhokwe.

Tsiku loyamba akufunafuna chipinda chophunzirira, kamtsikana kena kaulemu wake kanawayandikira, manja kumbuyo. "Adadi, mukufuna mwana wanu? Ali chaka chanji?" Alamu anayankha kuti mwanayo ndi iwo omwe. M'kalasi anakapeza mphunzitsi amene anabadwa iwo atayamba kale kumeta ndevu. Awiriwa mpaka pano sanagwirizane kuti wamkulu ndani. Alamu amati "bwana", mphunzitsi amati "bambo", ndipo akakumana pakhomo aliyense amapatukira mnzake, moti ana ena onse amadutsa pakati pawo n'kukatenga mipando yabwino.

Komatu mpando wa alamu salimbirana ndi munthu. Ndi wakutsogolo kwenikweni, pamene malovu a mphunzitsi amafika. Ana amati n'kudzionetsera, osadziwa kuti ndi maso ndi makutu. Chimene ana sangawakhululukire ndi dzanja. Kwatsala mphindi zisanu kuti aweruke, aliyense watseka kale kope, mimba zikulira, mphunzitsi wafunsa mwamwambo chabe ngati pali funso. Dzanja la alamu lili m'mwamba. "Pepani bwana, zimene mwanenazi n'zoona m'buku, koma kuofesi kwathu sizitero." Kalasi yonse imabuula. Ine ndimaima ndi alamu pamenepa. Mwana wa zaka 19 akamva za kayendetsedwe ka chuma cha boma amangoloweza kuti akakhoze. Alamu anaonapo ndalama za mafuta a galimoto zikutha mwezi wachitatu wa chaka, anadikirapo alawansi imene inafika mwini wake atapuma ntchito. Buku likanena kuti zinthu zimayenda mwadongosolo, m'kalasimo muli munthu mmodzi yekha wodziwa pamene bukulo likunama, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi wanzeru amamusiya alankhule.

Pa ntchito ya m'magulu pali mgwirizano wosalembedwa. Machuwa amasankhidwa kukhala wapampando asanakhale n'komwe pansi. Udindo wake ndi kugula bandulo, kugula chipisi, ndi kukapulinta asayimenti kuofesi bwana atapita kunkhomaliro. Ana amataipa, amafufuza pa intaneti, ndipo ena amangofunsa ChatGPT n'kubwera ndi masamba khumi a Chingerezi chosalala chimene ngakhale iwo eni sangachimasulire. Alamu amatenga cholembera chofiira n'kuyamba kufunsa kuti chiganizo ichi chikutanthauza chiyani. Gulu lawo limachedwa kupereka, koma silinagwidwepo ndi mlandu wokopera.

Kumene galu wamkota amathyoka msana ndi pa laputopu. M'masiku awo zotsatira za mayeso ankazimata pakhoma, munthu n'kumayendetsa chala pamndandanda mtima uli thithithi. Lero zonse zili pa intaneti: kulembetsa, kulipira, kutumiza asayimenti, kuona magiredi. Pasiwedi ya alamu amasunga mwana wawo wamkazi wa Fomu 3, ndipo zotsatira amayamba kuziona ndi iyeyo. Ndinapezekapo tsiku lina madzulo, banja lonse lili pa nsima, mwana anaika foni patebulo.

"Adadi, 42 imeneyi ndi chiyani?"

"Mphunzitsi wake ndi wovuta, mwanangu."

"Ine ndikanena choncho mumati chiyani? Kodi mumacheza ndi ndani kusukuluko?"

Mlongo wanga anatsamwa ndi kuseka. Kuyambira tsiku limenelo wailesi ya kanema imazimitsidwa 8 koloko kwa onse, ndipo bambo ndi mwana amakhala tebulo limodzi. Alamu anayesa njira yakale ija yoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere. Tulo tinabwera ndithu, ndipo m'mawa mwake kunabweranso nyamakazi.

Zifukwa zojombera nazo n'zosiyana. Mwana wa zaka 20 agogo ake amamwalira katatu pa semesita, makamaka Lolemba. Maliro a machuwa ndi enieni, ndipo iye sapita kukangokhala pansi. Ndiye mwinimbumba, wogula bokosi, wosaka galimoto, wolankhula m'malo mwa banja. Usiku woti mawa ndi mayeso, pakhomo pamagogoda mphwake ndi mkazi wake atamenyana, poti unkhoswe sudziwa kalendala ya sukulu. Alamu analembapo mayeso ali ndi dothi la kumanda kunsapato, ndipo anakhoza kuposa anyamata amene anagona mokwanira.

Chimene chimawasiyanitsa kwambiri ndi ana ndi fizi. Mwana amalipiriridwa ndi makolo kapena ngongole ya boma, ndipo ndalamayo saiona ndi maso. Alamu amalipira okha, pamodzi ndi fizi ya ana atatu, lendi, ndi feteleza wa kumudzi. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro awo sanamve nawo uthengawo, koma shuga, sopo ndi mapepala opulintira zinamva tsiku lomwelo. Anapulumukira ku banki mkhonde ya akazi awo. Ndiye anakhala pansi n'kugawa fizi ya semesita ndi chiwerengero cha makalasi, n'kudziwa mtengo wa ola lililonse. Uthenga ukabwera pa gulu la WhatsApp kuti mphunzitsi sabwera lero, ana amatumiza tizithunzi tovina. Alamu amaimbira foni woimira kalasi kufunsa kuti ola limenelo libwezedwa liti, poti iwo analipira kale.

Owaseka amati sukulu ili ndi nthawi yake, m'mera mpoyamba. Ine ndimawakumbutsa za Kamuzu. Anamaliza sekondale ku Wilberforce, ku Ohio, mu 1928, digiri ya ku University of Chicago mu 1931, udokotala ku Meharry mu 1937, kenako n'kupitanso ku Edinburgh kukawonjezera mapepala mpaka 1941. Tikatsata akatswiri a mbiri amene amati anabadwa cha m'ma 1898, ndiye kuti sekondale anaimaliza ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo ku Edinburgh anachokako atadutsa 40. Munthu amene nkhope yake ili pa ndalama ya K1,000 anali machuwa. Kaya n'chifukwa chake chaka chake chobadwa chinali chovuta kuchitchula, sindinganene.

Koma mwambi uja uli ndi kachinyengo kake. Umati galuyo sakandira pachabe, koma sunena kuti chimene afukulecho chidyeka. Fupa limene unakwirira zaka 25 zapitazo ukhoza kulipeza, inde, koma nyama inatha kalekale. M'boma digiri siikweza munthu yokha. Pamafunika malo atseguke, alengezedwe, munthu akaonekere ku intaviyu, ndipo pamzere womwewo pali achinyamata mazanamazana a digiri yomweyo, ena ndi masitazi pamwamba, amene akhala akugulitsa mayunitsi podikira. Zaka zopumira ntchito ndi 60. Tsiku lina ndinatenga pepala n'kuwawerengera alamu: fizi yonse, chiwongoladzanja cha banki mkhonde, thiransipoti ya Loweruka lililonse, kuyerekeza ndi kakusiyana ka malipiro kwa zaka zotsalazo, ngati kukwezedwako kungabwere n'komwe. Masamu anakana. Ndinawauza mosabisa kuti akanagula nkhumba zisanu bwenzi atapindula msanga.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifotokozera zimene mlongo wanga yemwe sanandiuzepo. Atasankhidwa kupita ku koleji, bambo awo anagulitsa ng'ombe kuti agule sutikesi, bulangete ndi nsapato. Mudzi wonse unawaperekeza kumsewu, amayi akululutira, anyakwawa atanyamula sutikesiyo okha. Atawidwa anatsika basi masana, n'kukhala pa golosale ya pamsewu mpaka kunja kutada, kuti alowe m'mudzi popanda wowaona. M'mawa mwake anthu atayamba kufunsa, amayi awo anayankha kuti sukulu atsekera, mwana akudikira kuti atsegulire. Yankholo silinali lovuta kukhulupirira, poti makoleji a kuno kutsekedwa si nkhani yachilendo. Mu 2011 Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi uja. Koma amayiwa sanasinthe mawu. Bambo anamwalira, anyakwawa anasintha kawiri, alamu anakwatira, anabereka, anamera dazi, ndipo munthu akafunsa pachitsime kuti kodi mwana wanu sukulu ija inatha bwanji, gogoyo amayankhabe kuti sanatsegulire.

"Ndiye alamu," anatero, "ndangoti ndikaone ngati atsegulira."

Pepala langa la masamu ndinalipinda.

Pano amaliza. Kafukufuku wawo anabwezedwa kangapo ndi supavaiza, mutu wachiwiri unasowa magetsi atazima asanasunge, ndipo kosi ya 42 ija analembanso sapu, koma dzina latuluka pamndandanda wa okalandira digiri. Gauni abwereka kale, ndipo analiyesa kuchipinda chitseko chili chokiya, ngakhale ana anaonera pawindo.

Vuto latsala ndi makadi. Sukulu yapereka awiri okha olowera muholo. Imodzi ndi ya gogo uja, palibe wotsutsa. Wasoketsa kale chilundu ndipo wauza mudzi wonse kuti tsopano atsegulira. Yachiwiri ndiyo yautsa mapiri pachigwa. Mlongo wanga akuti ndi yake, poti wakhala zaka zinayi akugona nyali ili chiyakire. Mwana wa pasiwedi uja akuti popanda iye bambo ake sakanalembetsa n'komwe. Mwana wawo wa Sitandade 3 uja, mwini wa Spider-Man, amene tsopano ndi wamkulu ndithu, akufuna kaye chikwama chake. Dzulo madzulo kunabweranso amayi apampando a banki mkhonde, kope la ngongole lili m'manja. Anakhala pakhonde, analandira tiyi, anayamikira alamu ndi mawu okoma kwambiri, kenako anafunsa kuti mwambowo uyamba nthawi yanji.

"Pepani mayi," anatero alamu, "makadi ndi a achibale okhaokha."

"Palibe vuto, bambo," anatero amayiwo akutsegula kope. "Ife sitikubwerera inu. Tikufuna tidzangoona katundu wathu akuperekedwa."